"Matumbo anga anazolowera": mawu amene ndatopa nawo

Sipatha mwezi osamva munthu amene anachitidwa opaleshoni yochepetsa thupi akundiuza kuti, "Adokotala, mavitamini aja ndinasiya, matumbo anga anazolowera." Anazoloweradi, koma osati mmene mukuganiziramo.

Pa opaleshoni ya gastric bypass, chifu chimadulidwa n'kutsala kathumba konga dzira, ndipo kathumbako kamalumikizidwa ku chigawo chapakati cha matumbo aang'ono. Chakudya sichidutsanso mu duodenum, chigawo choyambirira cha matumbowo. Chigawo chimene chalandira ntchito yatsopanoyi chimakula, mkati mwake mumakhuthala, ndipo chimayamba kudya shuga wambiri wochokera m'magazi. Ofufuza a ku Boston anaonetsa zimenezi pa makoswe mu 2013. Chakudya chimafikanso msanga kumunsi kwa matumbo, kumene kumatuluka homoni ya GLP-1 youza ubongo kuti mwakhuta. N'chifukwa chake shuga wa odwala ena amatsika m'masiku ochepa, thupi lisanaphwe n'komwe.

Kuzolowerako kumathera pomwepo. Ayironi ndi kashiamu zimalowa bwino m'thupi kudzera mu duodenum imene yalambalalidwa ija. Vitamini B12 amadalira timadzi ta m'chifu, chifu chake chomwe chatsala kadzira. Ndipo B12 ndi wachinyengo: chiwindi chimasunga wokwanira zaka zingapo, ndiye munthu amaona ngati zonse zili bwino.

Pali mayi wina amene sachoka m'maganizo mwanga. Opaleshoni anakachitira kunja, anabwerako ndi envulopu ya mapepala basi, popanda wowayeza magazi. Patatha zaka 3 anayamba kumva dzanzi kumapazi, kukwera kachitunda n'komwe kukuwathetsa mpweya. M'malo mobwera kuchipatala anagula pa WhatsApp mankhwala azitsamba "otsuka m'mimba". Kutsuka chiyani, chakudya chikudutsa kale mothamanga? Anatsegula m'mimba milungu ingapo. Pofika kwa ife, zikhatho zili mbuu. Tinawapatsa ayironi wa m'diripi ndi jakisoni wa B12, magazi anabwerera. Mitsempha ya kumapazi ndiyo sinachire yonse. Mpaka lero amati akamayenda amamva ngati akuponda thonje.

Choopsa kuposa apa ndi kusanza kosalekeza pambuyo pa opaleshoni. Vitamini B1 thupi limasunga wa milungu iwiri kapena itatu yokha, ndipo akatha ubongo umawonongeka. Wachibale wotere akayamba kudzandira, kuona zinthu ziwiriziwiri kapena kusokonekera mutu, musadikire kuti kuche. Mukafika kuchipatala nenani msanga kuti anachitidwa bypass, kuti B1 ayambe kuperekedwa diripi ya shuga isanaikidwe.