Weller wa zaka 12: chakweza mtengo wake n'chiyani?

Pa ntchito yanga yophunzitsa anthu ogulitsa zakumwa kulawa wisiki, pali botolo limodzi limene silisowa pa mafunso: W.L. Weller wa zaka 12, uja wa pepala lakuda. Kodi mowawu ndi wabwinodi kufika poti munthu n'kumayenda sitolo ndi sitolo kuufunafuna, kapena kulipira ndalama zankhaninkhani kwa wina amene anaupeza msanga? Ine ndimayankha kuti mowawu ndi wabwino, koma chimene chakweza mtengo wake sichili m'botolomo.

Weller ndi bourbon, mtundu wa wisiki wa ku America, ndipo malamulo a kapangidwe ka bourbon ndi okhwima. Pa mbewu zonse zofululira, chimanga chisachepere 51 peresenti. Mowa ukatchezedwa umathiridwa m'migolo yatsopano ya mtengo wa oak, yowotchedwa mkati mpaka kuchita makala, ndipo polowa mumgolomo mphamvu yake isapitirire 62.5 peresenti. Saloledwa kuthiramo mtundu kapena zokometsera, choncho kufiira konse kumene mumaona m'tambula kwachokera ku thabwa. Kuwonjezera pa chimanga kawirikawiri pamakhala mbewu zina ziwiri. Yoyamba ndi chimera cha balere, chimene chimasandutsa ufa kukhala shuga monga momwe chimera cha mawere chimachitira mu thobwa. Yachiwiri ndi yopereka kakomedwe, ndipo apa opanga ambiri amasankha rye, mbewu yooneka ngati tirigu. Ochepa okha ndi amene amasankha tirigu, ndipo opanga Weller ali m'gulu limeneli.

Rye amaluma pa lilime ngati tsabola wakuda. Tirigu saluma. Ambiri amakhulupirira kuti tirigu amawonjezera kutsekemera, koma sizili choncho: shuga wa m'mbewu amadyedwa ndi yisiti pofulula, ndipo wotsalayo sakwera ndi nthunzi potcheza. Ntchito ya tirigu ndi kupatuka kuti chimanga ndi mgolo zimveke bwino. Moto uja wowotcha mkati mwa mgolo umaswa zinthu za m'thabwa, zina n'kuyamba kununkhira ngati vanila, zina ngati shuga wopserera. Ku Kentucky, chigawo cha America kumene Weller amapangidwa, kukatentha mowa umalowerera m'thabwa, kukazizira umabwerera mumgolo utanyamula fungo limeneli. Zikachitika kwa zaka 12, ndi zambiri zimene mowa umatenga. Komanso chaka ndi chaka gawo lina limauluka kudzera m'thabwa, moti mgolo wa zaka 12 ukamatsegulidwa umakhala utaphwa kwambiri. Ichi ndi chifukwa chomveka chimene mowa wokhalitsa umadulira, ndipo palibe amene angatsutse.

Chifukwa chinacho ndi dzina. A Julian Van Winkle, amene anthu ankawatcha Pappy, anayamba ntchito yotsatsa mowa ku kampani ya W.L. Weller & Sons ku Louisville mu 1893. Mu 1935 iwo ndi anzawo anatsegula fakitale ya Stitzel-Weller ku Shively, ndipo kumeneko ndi kumene bourbon wa tirigu anatchukira, pa mayina a Weller ndi Old Fitzgerald. Banjali linagulitsa fakitaleyo mu 1972, ndipo mu 1992 inasiya kutcheza. Koma mdzukulu wawo, Julian Van Winkle wachitatu, sanasiye kuika m'mabotolo mowa wa m'migolo yakale pa dzina la agogo ake. Mu 1996 bungwe la Beverage Testing Institute la ku Chicago linapatsa mowa wa Pappy Van Winkle wa zaka 20 mapointi 99 pa 100, ndipo mbiri inayamba kuwanda. Dzina la Weller linapita ku fakitale ya Buffalo Trace ku Frankfort mu 1999, ndipo mu 2002 banja la Van Winkle linachita mgwirizano ndi fakitale yomweyo. Lero Weller ndi Van Winkle amafulidwa pamalo amodzi ndi muyezo umodzi wa mbewu. Pali ngakhale Van Winkle wa zaka 12, wotchedwa Lot B, wa mphamvu 45.2 peresenti, pamene Weller wa zaka 12 ali ndi 45. Kusiyana kwawo kwagona pa migolo imene yasankhidwa. Anthu amene ankasowa Pappy atamva zimenezi anathamangira Weller, ndipo botolo limene kale linkangokhala pashelefu linayamba kusowa.

Tsopano tiulawe. Tengani tambula yotambalala m'munsi, yopapatiza kukamwa. Thirani toti imodzi yokha, osaikamo ayezi, ndipo muisiye mphindi zisanu kuti ukali woyamba uuluke. Ponunkhiza musalowetse mphuno yonse. Bweretsani tambula pansi pa mphuno pakamwa pali potsegula pang'ono. Apa ndi pamene Weller wa zaka 12 amaonetsa ubwino wake. Choyamba kufika ndi vanila ndi shuga wopserera, kenako zipatso zouma, ndipo pansi pa zonsezi pali fungo la thabwa lakale, louma bwino, lopanda chinyezi. Mukazunguliza tambula, timadontho timatsika pang'onopang'ono m'mbali mwake. Fungo limeneli ndimalikonda kwambiri, ndipo ndi ochepa a bourbon a mphamvu imeneyi amene amafika pamenepa.

Kumwa koyamba kukhale kochepa, kongonyowetsa lilime. Pa kachiwiri ndi pamene mumaweruza. Mowawu umalowa mofewa, sutentha, umatsekemera kutsogolo kwa lilime ngati uchi wopepuka. Koma samalani zimene zikuchitika pakati pa lilime: pamenepo umapepuka, ngati kuti zina zimene mphuno inalonjeza sizinafike zonse. Mukameza, thabwa limabwerera n'kuumitsa m'kamwa pang'ono, ndipo kakomedweko kamakhala kanthawi kochepa n'kuzimirira. Kupepuka kwa pakatiko kumabwera chifukwa cha madzi amene amathirako kuti mphamvu itsike kufika pa 45 peresenti. N'chifukwa chake ine sindiwonjezera madzi mu Weller ameneyu. Mng'ono wake, Weller Antique 107 wa pepala lofiira, salembedwa zaka koma ali ndi mphamvu 53.5 peresenti, ndipo kwa ine ndi amene amadzaza m'kamwa bwino. Iyeyo dontho la madzi amalilandira.

Nkhani ya mtengo imafunika kudziwa momwe mowa umagulitsidwira ku America. Kuyambira pamene lamulo loletsa mowa linathetsedwa mu 1933, wopanga amagulitsa kwa wopikulitsa, wopikulitsa n'kugulitsa kwa mwini sitolo. Botolo likakhala losowa, wopikulitsa amagawa mabotolo ochepa ku sitolo iliyonse, ndipo mwini sitolo amasankha: kusungira makasitomala ake okhulupirika, kuchititsa maere, kapena kukweza mtengo. Mtengo umene kampani imalangiza pa Weller wa zaka 12 ndi madola makumi angapo. Ogulitsa ena, makamaka anthu wamba amene amagula n'kugulitsanso, amatchula madola mazana. Ndalama yapakatiyo sipita kwa amene anatcheza, ndipo sigula chilichonse chimene lilime lingamve.

Njira yachilungamo yoyezera ndi kulawa osaona botolo. Pemphani mnzanu athire matambula atatu inu mutatembenuka: Weller wa zaka 12, Maker's Mark ndi Larceny, onse atatu a bourbon wa tirigu. Maker's Mark amapangidwa ku Loretto ndi chimanga 70 peresenti, tirigu 16 ndi chimera cha balere 14, mphamvu yake ndi 45 peresenti yomweyo, ndipo amapezeka m'masitolo ambiri padziko lapansi. Larceny ndi wa kampani ya Heaven Hill, wa mphamvu 46 peresenti. Ndikukhulupirira kuti Weller mudzamuzindikira, chifukwa zaka zake zimamveka pa thabwa ndi pa zipatso zouma zija, pamene awiri enawo amamveka kuti ndi aang'ono. Kusiyanako kulipodi, ndipo ine ndingalipire kawiri mtengo wa Maker's Mark ndi mtima woyera. Kasanu ayi.

Pali chinanso chimene chimandidetsa nkhawa. Mabotolo opanda kanthu a mayina otchukawa amagulitsidwa pa intaneti, ndipo achinyengo amawadzaza ndi mowa wotchipa n'kumatanso chotsekera. M'madera ambiri a ku America kugulitsa mowa popanda laisensi ndi mlandu, choncho amene wanamizidwa pa malonda otere alibe kokadandaula. Ngati mtima ukufunitsitsa kudziwa kakomedwe ka Weller wa zaka 12, pitani ku bala yodalirika imene ili naye, mugule toti imodzi, ndipo muitanitsenso toti ya Maker's Mark kuti ziime pamodzi patebulo.