Chipani chachitatu chotsogoleredwa ndi mlendo m'ndale: zimene Thyolo ndi Mulanje angapindule

Pa chisankho cha pa 16 Seputembala 2025, Peter Mutharika wa DPP anapeza mavoti pafupifupi 57 pa 100 alionse, ndipo Lazarus Chakwera wa MCP anapeza pafupifupi 33, zimene zikutanthauza kuti ena onse amene anapikisana nawo anagawana kagawo kochepa kotsalako. Ambiri atenga zotsatirazi ngati umboni wakuti dziko lino lilibe malo a chipani chachitatu. Ine amene ntchito yanga ndi kuphunzitsa za ndale ndi kayendetsedwe ka boma ndikuona mosiyana: malowo alipo, koma sali pamene anthu ofuna mpando wa pulezidenti amawayang'ana, ndipo maboma a Thyolo ndi Mulanje ali m'gulu la amene angapindule kwambiri chipani chotere chitakhazikika.

Zipani zambiri zimene tazitchulapo kuti ndi zatsopano zinabadwa pa mkangano wa m'kati mwa zipani zakale. NDA ya Brown Mpinganjira wa ku Mulanje inachokera mu UDF, DPP nayonso inatuluka mu UDF mu 2005, PP ya Joyce Banda inatuluka mu DPP mu 2011, ndipo UTM inatulukanso mu DPP mu 2018. Nthawi zambiri amene amakhala pa mipando ya kutsogolo amakhala anthu omwe aja, ndipo chimene chasintha ndi mtundu wa nsalu basi. Amene anali wosiyanako ndi Chakufwa Chihana, mtsogoleri wa mabungwe a anthu apantchito amene anabwerera kuno mu 1992 n'kumangidwa chifukwa choitanitsa ndale za zipani zambiri. Chipani chake cha AFORD chinapeza aphungu 36 mu 1994, koma pafupifupi onse anachokera m'chigawo cha kumpoto, ndipo sichinathe kudutsa malire amenewo.

Ubwino wa mtsogoleri amene sanakulire m'zipani zilipozi sugona pa kuganiza kuti iye ndi woyera mtima kuposa ena. Ugona pa ngongole. Munthu amene wakwera makwerero a chipani kwa zaka makumi awiri amafika pamwamba ali ndi ngongole kwa amene anamulipirira misonkhano, amene anamugulira mafuta a galimoto, ndiponso amene anamuthandiza kupambana pa msonkhano waukulu wa chipani. Ngongole zotere sizibwezedwa kuchokera m'thumba mwake. Zimabwezedwa ndi makontrakiti a boma, mipando ya m'mabodi a makampani a boma ndi maudindo a ku ukazembe. Alendo m'ndale tinakhala nawo kale: a Chakwera anachoka pa utsogoleri wa mpingo wa Assemblies of God n'kukhala mtsogoleri wa MCP mu 2013, ndipo malemu Saulos Chilima anasiya udindo wake ku Airtel n'kuima limodzi ndi a Mutharika mu 2014. Koma onsewa analowa m'zipani zimene zinali kale ndi eniake, miyambo yake ndi anthu oyembekezera kulipidwa kukhulupirika kwawo. N'chifukwa chake mlendo yekha sakwanira. Pafunikanso chipani chimene chayamba popanda ngongole zakale.

Kuno ku Thyolo ndi ku Mulanje nkhaniyi ili ndi mbali ina. Kuyambira mu 2009, aliyense amadziwiratu kumene mavoti a pulezidenti a maboma awiriwa akupita, ndipo palibe cholakwika kuti anthu azikonda chipani cha DPP chimene atsogoleri ake ndi ana a kwa Goliati. Sukulu ya ukachenjede ya MUST ku Ndata ndi chinthu chooneka chimene ubalewo unabweretsa. Komabe voti imene ikudziwika kale mwini wake imachepa mphamvu pokambirana. Chipani chimene chikudziwa kuti chipambana sichikakamizika kulonjeza zinthu zovuta, ndipo chimene chikudziwa kuti chigonja sichitaya nthawi ndi ndalama zake kuno. Zotsatira zake n'zakuti nkhani zikuluzikulu za m'derali zimatchulidwa pa nthawi ya kampeni kenaka n'kuiwalika. Yoyamba mwa izo ndi ya malo: mabanja ambiri amalima timinda tating'ono m'mphepete mwa maesiteti a tiyi amene anakhazikitsidwa m'nthawi ya atsamunda, ndipo palibe boma limene lakhala pansi ndi eni maesiteti, mafumu ndi anthu wamba n'kupeza njira yokhalitsa. Palinso malipiro a othyola tiyi, mtengo umene alimi ang'onoang'ono amagulitsira masamba awo ku mafakitale, nthochi za ku Thekerani ndi ku Masambanjati zimene zinatha ndi matenda a chisaka, ndiponso midzi ya ku Mulanje imene namondwe wa Freddy anaiwononga mu Malichi 2023. Chipani chachitatu sichifunika kulanda dera lililonse kuti chisinthe zinthu. Chikangopangitsa kuti phungu asagone tulo podziwa kuti mpando wake ungapite, nkhanizi zimayamba kumveka ku Lilongwe.

Malamulo a chisankho ndiwo akhala akufooketsa zipani zing'onozing'ono. Katswiri wa ku France, Maurice Duverger, anafotokoza m'zaka za m'ma 1950 kuti pamene wopambana ndi amene wangoposa anzake ngakhale ndi voti imodzi, ovota amaopa kutaya voti yawo pa munthu amene akuoneka kuti sapambana, choncho amathamangira ku zipani ziwiri zikuluzikulu. Umu ndi mmene tinkasankhira pulezidenti kufikira mu 2019, ndipo mu 2004, 2014 ndi 2019 wolengezedwa kuti wapambana sanafike ngakhale mavoti 40 pa 100 alionse. Chigamulo cha khothi cha pa 3 Febuluwale 2020 chinasintha zimenezi ponena kuti pulezidenti ayenera kupeza mavoti oposa theka, apo ayi pachitike chisankho chachibwereza. Tsopano munthu angathe kuvotera amene akumufunadi m'ndime yoyamba, ndipo chipani chokhala ndi mavoti 15 kapena 20 pa 100 alionse chingathe kutchula mfundo zake chisanathandize wina kupambana. Mphamvu imeneyi inaoneka pamene UTM inalowa mu mgwirizano wa Tonse mu 2020, ngakhale kuti ndime yachiwiri ya chisankho sinachitikepo m'dziko muno chifukwa mu 2020 ndi mu 2025 wopambana anadutsa theka m'ndime yoyamba.

Mbiri ya UTM yomweyo ikusonyeza pamene pali msampha. Mu 2019 a Chilima anapeza mavoti oposa miliyoni imodzi, amene ndi pafupifupi 20 pa 100 alionse, koma chipani chawo chinapeza aphungu anayi okha mwa 193. Mavoti omwazikana dziko lonse sabereka mipando, chifukwa aphungu ndi makhansala timawasankhabe mwa njira yakale ija. Ku America, wamalonda Ross Perot anapeza pafupifupi mavoti 19 pa 100 alionse mu 1992 koma sanapambane m'chigawo chilichonse. Chipani chopanda aphungu chikalowa mu mgwirizano chimadalira chifundo cha mnzake wamkulu, popeza palibe lamulo lokakamiza pulezidenti kusunga zimene anagwirizana ndi ena asanalowe m'boma.

Pa chisankho chomwecho cha 2019, aphungu oima paokha anapambana mipando 55, chiwerengero chofanana ndi cha MCP, ndipo mu 2014 anali 52. Apa ndi pamene pali malo aja. Ovota a m'dziko muno, kuphatikizapo a kuno, amatha kuvotera pulezidenti wa chipani chawo koma n'kukana phungu amene chipanicho chawapatsa, makamaka ngati chisankho chachipulula sichinayende bwino. Vuto n'lakuti aphungu oterewa alibe mfundo zowamanga pamodzi, ndipo poti gawo 65 la malamulo oyendetsera dziko, lochotsa pa mpando phungu amene wasiya chipani chake n'kulowa china, limakhudza amene anasankhidwa ali m'chipani, ambiri amasamukira ku mbali ya boma atangolumbira. Mu Nyumba ya Malamulo ya mipando 229, gulu la aphungu 25 kapena 30 ogwirizana pa mfundo zolembedwa lingathe kukhala ndi mawu pa bajeti ndi pa kusintha kwa malamulo oyendetsera dziko, kumene kumafuna magawo awiri mwa atatu a nyumbayo.

Kwa anansi athu zinathekapo, ngakhale m'njira zosiyana. Ku Lesotho, wamalonda Sam Matekane anayambitsa chipani mu Malichi 2022 n'kupeza mipando 56 mwa 120 mu Okutobala chaka chomwecho. Ku Zambia, UPND inayambitsidwa mu 1998 ndi Anderson Mazoka, amene anachokera ku kampani ya Anglo American, ndipo Hakainde Hichilema anagonja kasanu asanapambane mu 2021. Njira ya Zambia ndiyo ikufanana kwambiri ndi zimene zingachitike kuno.

Choopsa chachikulu n'chakuti mlendo wolemera angathe kusandutsa chipani kukhala katundu wake, kotero kuti iye akagwa kapena akakopeka ndi unduna, chipaninso chimatha. Lamulo la zipani la 2018 limafuna kuti chipani chikhale ndi mamembala osachepera 100 m'boma lililonse, chiulule amene akuchipatsa ndalama zambiri, ndipo chisagawe ndalama kapena katundu pokopa ovota. Thandizo la ndalama za boma, malinga ndi gawo 40 la malamulo oyendetsera dziko, limapita kwa chipani chokhacho chimene chapeza mavoti oposa gawo limodzi mwa magawo khumi. Choncho amene adzafike pa Luchenza, pa Chitakale kapena pa Limbuli ndi chipani chatsopano chisanafike chisankho cha 2030 afunsidwe kuti ndalama zake zikuchokera kwa ndani, ngati mamembala angathe kumuchotsa pa msonkhano waukulu, zimene walemba zokhudza malo a maesiteti, ndiponso kuti ali ndi makhansala angati okonzeka kuima ndi mamonitala angati okakhala pa malo oponyera voti.