Sukulu za charter ku America: ndalama ndi za boma, chiwongolero chili ndi bodi

Ku America kuli sukulu pafupifupi 8,000 zomwe mwana salipirako fizi, ndalama zake zimachokera m'misonkho, koma si ofesi ya maphunziro ya m'deralo imene imaziyendetsa. Zimatchedwa sukulu za charter, ndipo ana oposa 3.5 miliyoni amaphunziramo. Mumzinda wa Washington, D.C. pafupifupi theka la ana a m'sukulu za boma ali m'sukulu zimenezi, pomwe ku New Orleans, chichitikireni namondwe wa Katrina mu 2005, pafupifupi sukulu zonse zinasanduka zotere. Lamulo loyamba lozivomereza linadutsa ku Minnesota mu 1991, ndipo chaka chotsatira City Academy inatsegula zitseko ku St. Paul.

Amene mumadziwa sukulu za mishoni zolandira thandizo la boma ku Malawi kapena ku Zambia mutha kuyesa kuti nkhani yake ndi yomweyo. Mbali ina inde, koma sukulu ya charter siisankha ana potengera mayeso, komanso siiloledwa kukhala yachipembedzo. Akatolika a ku Oklahoma anayesa kutsegula sukulu ya charter yachipembedzo yotchedwa St. Isidore, khoti lalikulu la chigawocho linakana, ndipo mu Meyi 2025 oweruza a khoti lalikulu la dziko lonse anagawanika 4 kwa 4, kukanako n'kukhala momwemo. Kusiyana kwakukulu n'kwakuti moyo wa sukuluyi uli papepala. Pamakhala mgwirizano, womwe ndiwo chilolezo chotchedwa charter, wa zaka zowerengeka, kawirikawiri 5, ngakhale ku Arizona ndi 15. Mgwirizanowo umamasula sukulu kuti izidzisankhira aphunzitsi, silabasi, kutalika kwa tsiku ndi kagawidwe ka ndalama. Posinthana ndi ufuluwo, sukulu imalonjeza zotsatira, ndipo ikapanda kuzikwaniritsa imatsekedwa.

Anthu ambiri amaganiza kuti zotsekedwazo zimagwa chifukwa ana sakukhoza. Zilipo zotero, koma zochuluka zimafera ku ndalama ndi kayendetsedwe, aphunzitsi akuphunzitsa bwinobwino. N'chifukwa chake tikhalitsa pa bodi ndi pa thumba.

Pa sukulu iliyonse ya charter pali magulu atatu. Loyamba ndi wopereka chilolezo. Atha kukhala ofesi ya maphunziro ya m'dera, boma la chigawo, yunivesite ngati Central Michigan University kapena State University of New York (SUNY), bungwe lapadera ngati la ku Washington, D.C., ngakhalenso meya, monga zilili ku Indianapolis. Lachiwiri ndi bodi ya sukulu, anthu odzipereka osalandira malipiro, omwe nthawi zambiri amalembetsa ngati bungwe losapanga phindu. Lachitatu ndi mphunzitsi wamkulu, kapena kampani yomwe bodi yailemba ntchito yoyendetsa sukulu. Chilolezo chimakhala cha bodi, osati cha mphunzitsi wamkulu, osatinso cha kampani. Mfundo imeneyi imaoneka yaing'ono, koma mavuto ambiri amayamba tsiku lomwe mamembala a bodi aiiwala.

Chikalata chopempha chilolezo chimafika masamba mazana angapo: zomwe ana aziphunzira, m'mene mudzadziwire kuti akuphunzira, mayina ndi mbiri za a bodi, malo a sukulu, bajeti ya zaka 5, ndi umboni woti makolo a m'deralo akuifunadi. Owerenga odziwa ntchito amathamangira ku bajeti n'kuiyerekeza ndi malonjezo. Mwalonjeza ana 18 m'kalasi, nanga bwanji malipiro a aphunzitsi mwawerengera ngati kalasi ili ndi ana 28? Funso limodzi lotere limagwetsa pempho lonse.

Ndalama zimatsata mwana

Sukulu ya charter imalandira ndalama pa mutu wa mwana aliyense. Tiyerekeze sukulu yomwe yakonzekera ana 300, ndipo boma limapereka madola 12,000 pa mwana. Bajeti ndi madola 3.6 miliyoni. Aphunzitsi alembedwa, lendi yasainidwa, mabuku agulidwa. Sukulu ikutsegulidwa, abwera ana 270. Apo madola 360,000 apita, omwe ndi malipiro a aphunzitsi angapo, koma palibe kalasi yomwe mungatseke, chifukwa ana 30 osowawo achoka atatu kuno, anayi uko. Lendi siitsika, magetsi satsika, inshuwalansi siitsika. Bodi yanzeru imapanga bajeti pa chiwerengero chocheperapo kuposa chomwe ikuyembekezera, ndipo siikhulupirira mayina olembedwa m'kaundula mu Epulo, popeza kholo limodzi limatha kulembetsa mwana m'sukulu zitatu n'kusankhapo imodzi sabata yomaliza.

Kawerengedwe ka ana kamasiyana. Ku California ndi ku Texas amawerenga ana obweradi m'kalasi tsiku ndi tsiku, kotero kujomba kumadya ndalama za sukulu. Ku Michigan kuli masiku owerengera: Lachitatu loyamba la Okutobala ndi Lachitatu lachiwiri la Febuluwale, ndipo chiwerengero cha Okutobala chimatenga magawo 90 pa 100 a ndalamazo. Patsikulo sukulu zimaimbira foni makolo, zina zimakonza chakudya chapadera, kuti mwana asajombe. Komweko ku Michigan, boma limayamba kulipira pa 20 Okutobala pamene sukulu zinatsegulidwa kale masabata angapo m'mbuyo. Aphunzitsi sangadikire, ndiye sukulu yopanda ndalama zosunga imakongola kuti ilipire malipiro a Seputembala, chiwongoladzanja n'kudya ndalama zomwe zikanagula mabuku.

Bungwe la opereka zilolezo la NACSA linapereka muyeso wosavuta womwe ambiri amautsatira: ndalama zomwe zili kubanki zikwanire kuyendetsa sukulu masiku 60 popanda kulandira kalikonse, ndipo ana obwera asachepere magawo 95 pa 100 a omwe analembedwa m'bajeti. Msungichuma wa bodi ayenera kubweretsa manambala awiriwa pa msonkhano uliwonse, pamodzi ndi sitetimenti ya kubanki yeniyeni, osati chidule chomwe wina walemba.

Nyumba ndi mutu wina wowawa. Sukulu wamba za boma zimamangidwa ndi ngongole zobwezedwa ndi msonkho wa malo ndi nyumba wa m'deralo. Sukulu zambiri za charter sizilawa nawo msonkho umenewu, choncho lendi imachokera m'thumba lomwelo la maphunziro. Ndi chifukwa chake mupeza sukulu m'sitolo yakale kapena m'nyumba yomwe kale inali sukulu ya parishi. Ku California lamulo la Proposition 39 la mu 2000 limakakamiza maofesi a maphunziro kugawirako malo sukuluzi, ndipo ku New York City sukulu ziwiri zimatha kukhala m'nyumba imodzi, n'kumalimbirana holo yodyera ndi bwalo la masewera.

Kampani ikakula kuposa bodi

Pali mabungwe osapanga phindu omwe amayendetsa sukulu zambiri, monga KIPP yomwe inayambira ku Houston mu 1994, ndi Success Academy ya ku New York. Palinso makampani opanga phindu, monga National Heritage Academies ya ku Michigan. Kulemba kampani si tchimo. Bodi ya anthu ongodzipereka singathe kuwerengera malipiro, kusaka aphunzitsi ndi kulemba malipoti a boma payokha. Vuto limagona m'kontirakiti.

Mtundu woopsa ndi womwe kampani imasesa pafupifupi ndalama zonse, n'kulonjeza kulipira zofunika zonse, zotsala n'kukhala phindu lake. Ku Ohio, kampani ya White Hat Management inkalandira magawo 95 kapena 96 pa 100 a ndalama za sukulu zomwe inkayendetsa. Mabodi ena atafuna kusiyana nayo anapita kukhoti, ndipo mu 2015 khoti lalikulu la Ohio linagamula kuti, malinga ndi zomwe anasaina, madesiki ndi makompyuta ogulidwa ndi ndalama za misonkho anali a kampani, akuwafuna, awagulenso. Bodi yotere ili ngati mwini munda yemwe khasu, mbewu ndi nkhokwe zonse ndi za waganyu: papepala atha kumuchotsa ntchito, koma akamuchotsa satsala ndi cholimira.

Musanasaine, onani zinthu izi. Katundu wogulidwa ndi ndalama za sukulu alembedwe kuti ndi wa sukulu. Lendi ya nyumba ikhale pa pepala lake, yosadalira kontirakiti yoyendetsera, makamaka ngati mwini nyumba ndi kampani yomweyo kapena m'bale wake, ndipo mtengo wake uyerekezedwe ndi nyumba zina za m'deralo. Loya wa bodi ndi odita asankhidwe ndi bodi, asachokere kwa kampani. Kontirakiti isatalike kuposa chilolezo. Ndipo funsani kuti mamembala a bodiwo anawapeza ndani, chifukwa m'malo ena kampani ndiyo imasaka anthu oti adzaiyang'anire. Munthu woitanidwa chotero sakhala ndi mtima wofunsa risiti. California inafika poletsa makampani opanga phindu kuyendetsa sukuluzi kuyambira mu 2019, ndipo chaka chomwecho inalamula kuti mabodi azitsata malamulo a misonkhano yapoyera ndi a kuulula ngati membala ali ndi phindu pa nkhani yomwe ikukambidwa.

Sukulu za pa intaneti ndizo zaonetsa poyera zomwe zimachitika woyang'anira akagona. Imodzi mwa izo, ECOT (Electronic Classroom of Tomorrow) ya ku Ohio, inkalandira ndalama pa ana olembetsa, koma boma litafufuza nthawi yomwe anawo ankakhaladi akuphunzira pa kompyuta, umboni unapezeka wa ana osakwana theka. Inalamulidwa kubweza madola pafupifupi 80 miliyoni a zaka ziwiri, ndipo inatsekedwa mu Januwale 2018, chaka chili pakati, ana pafupifupi 12,000 n'kusowa kolowera. Woyambitsa sukuluyo, William Lager, analinso mwini wa makampani omwe ankaigulitsa ntchito.

Apa tisabise: opereka zilolezo nawonso ali ndi chowakoka. Ku Ohio ndi ku Michigan amaloledwa kutenga mpaka magawo 3 pa 100 a ndalama za sukulu iliyonse yomwe akuiyang'anira. Kutseka sukulu ya ana zikwi zambiri n'kudzidulira chakudya pakamwa. M'zigawo zomwe opereka zilolezo ndi ambiri, sukulu yokanidwa kwa uyu imatha kukagogoda kwa uyo, ndipo zigawo zina zachita kukhazikitsa malamulo oletsa kudumphadumpha kumeneku.

Za kulandira ana, lamulo ndi lachidule: ofuna malo akachuluka kuposa mipando, pachitike maere, ndipo azibale a ana omwe ali kale pasukulupo nthawi zambiri amatsogozedwa. Koma kusankha ana kumalowera pakhomo lakuseri. Fomu yaitali ya Chingerezi chokhachokha, kusowa kwa basi, kukakamiza makolo kugwira ntchito pasukulu maola akutiakuti, kapena kuuza mayi wa mwana wolumala kuti "sukulu ina ija ndiyo ingamuthandize bwino", zonsezi zimasefa ana popanda wina kunena kuti wakana. Lamulo la dziko lonse la IDEA, lokhudza maphunziro a ana olumala, limagwira sukulu za charter chimodzimodzi ndi zina. M'zigawo zomwe sukulu imawerengedwa ngati dera la maphunziro payokha, mwana mmodzi wofuna womuthandiza wake tsiku lonse amatha kugwedeza bajeti ya sukulu yaing'ono, ndiye bodi izipatula ndalama za zimenezi chaka chisanayambe. Bodi izifunsanso kuti ndi ana angati achoka chaka chili mkati, ndipo mipando yawo yadzazidwa kapena ayi, popeza zotsatira za mayeso zimakongola msanga ofooka akamachoka osalowedwa m'malo.

Nanga ana amakhozadi kuposa anzawo? Kafukufuku wa mu 2009 wa CREDO, bungwe lofufuza za maphunziro la ku Stanford University, anapeza kuti pa masamu, sukulu 17 pa 100 zinkaposa sukulu wamba zofanana nazo, 37 zinkachepera, zotsalazo sizinkasiyana. Wa mu 2023 anapeza kuti zinthu zasintha: pa chaka, mwana wa ku charter ankapindula ngati waphunzira masiku 16 owonjezera pa kuwerenga ndi 6 pa masamu. Phindulo n'lochepa, ndipo labisa kusiyana kwakukulu. Sukulu za m'mizinda zophunzitsa ana a mabanja osauka zimachita bwino kwambiri, pomwe za pa intaneti, malinga ndi CREDO mu 2015, zinkatsalira ndi masiku 180 pa masamu, chomwe ndi chaka chonse cha sukulu.

Chilolezo chikamatha, wopereka chilolezo amayang'ana zinthu zitatu: zotsatira za ana, mabuku a ndalama, ndi kutsata malamulo. Atha kuwonjezera zaka zonse, kupereka zochepa ndi zofunika kukonza, kapena kukana. Akakana, nthawi yolengezera ndiyo imasiyanitsa kutseka kwadongosolo ndi chipwirikiti. Chigamulo chituluke nyengo yolembetsa m'sukulu zina isanatseke, kuti makolo apeze malo. Aphunzitsi atsimikiziridwe malipiro mpaka tsiku lomaliza, apo ayi amachoka mu Marichi ana n'kutsala okha. Mafayilo a ana, makamaka a omwe ali pa ndondomeko ya maphunziro apadera, asamutsidwe ofesi isanakhomedwe, chifukwa fayilo ikasowa mwana amayambiranso kuyezedwa ku sukulu yatsopano. Katundu wogulidwa ndi ndalama za boma alembedwe mmodzimmodzi, ndipo opereka zilolezo ena amalamula kuti sukulu izisunga ndalama zapadera kuchokera pachiyambi, zolipirira loya ndi odita womaliza.