Kanyumba ka kuseri kamayamba kuwola pansi

Munthu akaganiza zomanga yekha kanyumba kosungiramo makasu, wilibala, njinga ndi zitini za penti, mafunso ake oyamba amakhala a malata ndi matabwa: ndigule angati, otalika bwanji. Komatu tinyumba tambiri timene ife akalipentala timaitanidwa kukakonza sitiwonongeka ndi mvula ya padenga. Timadyedwa ndi chinyezi chochokera m'nthaka, ndipo chiswe chimangobwera kudzamaliza.

Choncho musathamangire kukhoma zikhomo. Dikirani mvula igwe, mutuluke mukaone kumene madzi akuyenda ndi pamene akudikha. Pamene pachita chithaphwi pasiyeni, ngakhale pakhale pobisika bwino. Pakati pa kanyumbako ndi mpanda musiye mpata woti munthu n'kudutsa ndi bulashi ya penti. Mufunsenso ku khonsolo ya kwanu, chifukwa malamulo a zomangamanga amasiyana malo ndi malo, ndipo mudziwe modutsa mapaipi ndi nthambo zamagetsi musanakumbe.

Ntchito yeniyeni ili pa maziko. Chotsani dothi lonse lapamwamba lokhala ndi mizu ndi zinyalala, chifukwa limenelo limawolerana n'kutitimira. Thirani miyala yoswaswa masentimita 10, muitsendere mpaka isiye kusuntha mukaiponda, kenako yalani pepala lokhuthala la pulasitiki. Pepala limeneli ambiri amaliona ngati longotayitsa nthawi, koma ndi limene limatsekereza chinyezi kuti chisakwere. Pamwamba pake mpamene pabwere konkire wa masentimita 10: ndowa imodzi ya simenti, ziwiri za mchenga, zinayi za miyala. Madzi musachulutse. Konkire wamadzimadzi amasalala msanga, inde, koma akauma amakhala wofooka ndipo amachita ming'alu. Muzimuthirira kwa masiku 7. Mphamvu zake zonse timaziwerengera pa masiku 28. Pomaliza, pansi pa kanyumbako pakwere masentimita 15 kuchokera pa nthaka, kuti madzi othovoka mvula ikamagwa asamanyowetse matabwa.

Musanathire konkireyo, ngodya zikhale sikweya, ndipo diso lokha musalikhulupirire. Kuchokera pa ngodya, yezani masentimita 90 pa chimodzi mwa zingwe ziwiri zimene mwakoka pa zikhomo, muike chizindikiro; pa chinacho yezani 120. Mtunda wa pakati pa zizindikiro ziwirizo ukhale 150 ndendende. Ukapanda kukwana, sunthani chikhomo. Mukatero yezani modutsa pakati, ngodya iyi kukafika ngodya yapatsidya, mbali zonse ziwiri; miyezo iwiriyo ifanane. Kulakwitsa kwa masentimita 3 pansi pano simukuona lero. Mudzakuonera padenga, chifukwa malata amachoka ku fakitale ali owongoka ndipo sanyengerera: m'mphepete mwake mudzaoneka ngati mano a sowo.

Thabwa lapansi, limene khoma lonse likhalirepo, lisagone pa konkire popanda kanthu. Ikani kansalu ka pulasitiki pansi pake, ndipo mulimange ndi mabawuti amene munamiza konkire akadali wamuwisi. Likhale thabwa lothiridwa mankhwala. Mukalidula, pakani mankhwala podulapo, chifukwa nthawi zambiri mankhwalawo salowa mpaka pakati, ndipo chiswe chimalowera pomwepo.

Za kutalikirana kwa mizati, yambani mwayeza bolodi limene mukhomere kukhomako. Ngati ndi la masentimita 120 m'lifupi, mizati italikirane 60 kuchokera pakati pa uwu kufika pakati pa winawo. Ngati ndi la 122, ikhale 61. Mukatero mapeto a bolodi lililonse amagwera pa mzati, simudula chilichonse. Khoma lililonse likhalenso ndi thabwa limodzi lopingasa kuchokera ngodya yapansi kukafika yapamwamba. Popanda limeneli, kanyumba kamayamba kutsamira mbali imodzi pang'onopang'ono.

Denga, kwa woyamba kumene, likhale lopendekera mbali imodzi basi. Malata asanjikizane masentimita osachepera 15 m'litali, ndi mzere umodzi ndi theka m'mbali. Msomali ukhomedwe pamsana pa lata, osati m'ngalande modutsa madzi. Malatawo atuluke masentimita 30 kunja kwa khoma, ndipo phaso limangiriridwe kukhoma ndi tizitsulo kapena waya, pakuti mphepo ikalowa pansi pa denga lopepuka imalinyamula lonse. Chinanso chimene amaiwala ambiri ndi mpweya. Usiku malata amazizira n'kuchita thukuta mkati, madontho n'kumagwera pa zipangizo, mwiniwake n'kumati denga likudontha. Siyani timipata tiwiri pamwamba pa makoma oyang'anana, mutseke ndi sefa.

Chitseko chikhale cha masentimita 90 kuti wilibala izilowa osakhula zala, ndipo chizitsegukira kunja kuti chisakudyereni malo mkati. Ngati mukuchikhoma nokha ndi matabwa, thabwa lopingasa la kumbuyo liyambire pansi kumbali ya mahinjesi, likwere kupita kumbali ya loko. Mukalitembenuza, kulemera konse kumatsalira pa misomali, ndipo pakangopita miyezi ingapo muziyamba mwachinyamula kaye chitsekocho kuti chitseguke.