Usipa ulibe pasipoti, koma kafukufuku wathu amathera pa boda ya Chiponde

Ntchito yanga ndi kafukufuku wa nsomba, ndiye asodzi a ku Makawa akandifunsa kuti achimwene chambo chija chinapita kuti, ndimayankha theka lokha. Nyanjayi yakhudza mayiko atatu, ife timati Malawi, ku Mozambique amati Niassa, ku Tanzania Nyasa, koma ziwerengero zomwe ndili nazo ndi za tsidya lino basi. Ife tikatseka nyanja kuti nsomba ziswane, tsidya linalo mwina maukonde a chilimira ali m'madzi, ndipo usipa ndi womwewo.

Apa mpomwe mayunivesite amafunika kugwirana manja. Pangano lilipo kale, atsogoleri a SADC anasainira ku Blantyre mu 1997 kuti yunivesite iliyonse izisunga malo osachepera 5 pa 100 alionse a ophunzira ochokera mayiko ena a SADC, komanso kuti pakapita nthawi azilipira fizi ngati eni dziko. Papepala nzabwino zedi.

Komwe ndaona zikuyendako ndi ku Bunda, yunivesite ya zaulimi ya LUANAR ili ndi senta ya kafukufuku wa nsomba ya AquaFish yomwe inayamba ndi ndalama za World Bank mu 2016 ndipo kumabwera ophunzira a masters ndi PhD ochokera mayiko ena. Phindu lake anthu saliona msanga koma ndi ili, awiri amene anagona hostel imodzi nkumadyera limodzi nsima ya pa kafiteriya, mawa wina ndi ofisala wa za nsomba kwawo wina kuno, vuto likagwa amangoimbirana pa WhatsApp osadikira kalata idutse ku unduna miyezi itatu.

Chimene chimandiwawa ine nchoti nkosavuta kupeza mnzako wa kafukufuku ku Liverpool kusiyana ndi ku Lichinga ku Mozambique, poti ndalama zimachokera kutaliko. Timanamizira Chipwitikizi. Zoona ma lecturer tingavutike, komanso satifiketi ya uko imayenera kuunikidwa kaye kuno, koma mwana wa ku Namwera wophunzira pa kampasi ya yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS kuno ku Mangochi atha kufunsa mafunso a likodzo kapena kolera ku Mandimba, kungodutsa boda ya Chiponde, m'Chiyao popanda womasulira, ndipo ku Metangula m'mbali mwa nyanja amayankhula Chinyanja. Kuchoka pa boma kukafika pa Chiponde thiransipoti yake siyingafike ngakhale pang'ono pa tikiti ya ndege ya ku Ulaya.