Ngowe ya pamphuno kapena ya pamimba: mkangano wa okoka ndege zopanda injini

Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatha, pangano la Versailles la 1919 linamanga manja Ajeremani pa zopanga ndege za injini. Achinyamata awo anayamba kukwera phiri la Wasserkuppe, komwe mpikisano woyamba wa ndege zopanda injini unachitika mu 1920. Kuti ndege inyamuke, anthu ankathamanga kutsetsereka akukoka chingwe cha labala. Kukoka ndi ndege ina ya injini kunayesedwa mumzinda wa Kassel ku Germany mu 1927, ndipo mu 1930 woyendetsa ndege wa ku America Frank Hawks anakokedwa kuchokera ku San Diego mpaka ku New York, akutera m'njira.

Vuto linabwera ndi winchi, makina a pansi okulunga chingwe. Winchi imafuna kuti ngowe yokolekapo chingwe ikhale pamimba pa ndege, pafupi ndi gudumu, kuti ndege ikwere mwachangu mphuno ili m'mwamba. Ndege zambiri za mpando umodzi za m'ma 1960 ndi 1970 zinatuluka ndi ngowe imeneyi yokha, eni ake n'kumaigwiritsanso ntchito pokokedwa ndi ndege.

Ngowe ya pamphuno imawongola ndege yokha, monga ng'ombe yomangidwa pamphuno imatsata chingwe. Ya pamimba siitero. Woyendetsa akangotayirira pang'ono, mphuno imadzuka, chingwe chimawonjezera kuidzutsa, liwiro limakwera, ndipo ndegeyo imanyamula mchira wa ndege yokokayo n'kuilozetsa pansi. Zonsezi zimatha m'masekondi awiri kapena atatu. Zikachitika atangonyamuka kumene, amene amafa ndi woyendetsa ndege yakutsogoloyo, yemwe sanalakwe chilichonse. Ngowe ya mtundu wa Schweizer, yofala pamichira ya ndege zokoka ku America, imathanso kukana kutseguka chingwe chikakokera kwambiri m'mwamba, nthawi yeniyeni imene ikufunikira.

Pa za malo amene ndege yokokedwa iyenera kukhala kumbuyoko maiko sagwirizana. Ku Britain ndi ku America amaphunzitsa kukhala pamwamba pang'ono pa mphepo yovunduka yochokera ku ndege yokoka. Ku Australia amakhala pansi pake, ndipo ine ndikuona kuti maganizo awo ndi omveka, chifukwa kumeneko mtunda woti ufike pamalo oopsa ndi wautali. Chingwe chimakhala cha mamita pafupifupi 60. Chachifupi chimafulumizitsa ngozi. Lamulo la ku America limati chiduke pa mphamvu ya pakati pa 80 ndi 200 peresenti ya kulemera kwakukulu kololedwa kwa ndege yokokedwa.

Kuika ngowe ya pamphuno pa ndege yakale sikungoboola n'kumanga mabawuti. Pamafunika malangizo ovomerezeka a opanga ndegeyo, kulimbitsa pomangapo, kulumikiza waya kuti kachitsulo kachikasu kamodzi, kamene woyendetsa amakoka pomasula chingwe, katsegule ngowe zonse ziwiri mokwanira, kenako kuyezanso kulemera. Kampani ya Tost ya ku Germany imapanga mitundu yonse iwiri: ya pamimba imamasula yokha chingwe chikakokera chakumbuyo, ya pamphuno imadikira dzanja la woyendetsa. Mphunzitsi aliyense amabwereza lamulo limodzi: ndege yokoka ikasowa pamaso pako, koka kachikasuko pomwepo.