Phungu akakwanitsa zaka 12 ku California, azipita: mafunso ndi mayankho

Ku America kuli aphungu a mitundu iwiri, ndipo ambirife timawasokoneza. Ena amapita ku Washington kukapanga malamulo a dziko lonse. Ena amatsala kwawo, m'nyumba za malamulo za zigawo 50 za dzikolo, ndipo ndi amenewa amene amagawa ndalama za sukulu, ndende ndi misewu ya m'chigawo chawo. Ku California, komwe kuli anthu pafupifupi 39 miliyoni, phungu wa mtundu wachiwiriwu saloledwa kukalambira pampando. Lamulo lomuletsa linabwera mu 1990.

Kodi lamuloli likuti chiyani kwenikweni?

Nyumba ya Malamulo ya California imakumana mumzinda wa Sacramento ndipo ili ndi zipinda ziwiri. Mu Assembly muli aphungu 80 amene amasankhidwa zaka ziwiri zilizonse. Mu Senate muli 40, ndipo teremu yawo ndi ya zaka zinayi. Lero munthu amaloledwa kukhala phungu zaka 12 zokha pa moyo wake wonse. Akhoza kuthera zonsezo chipinda chimodzi, kapena kuzigawa, zinayi uku zisanu ndi zitatu uko. Zikangokwana, sangaimenso, ngakhale anthu akwawo atamukonda chotani.

Anabweretsa lamuloli ndi aphungu eni ake?

Ayi, ndani angadzichotse yekha pansima? Analibweretsa ndi anthu ovota. Kuyambira 1911, malamulo a California amalola nzika kusonkhanitsa masiginecha n'kuika maganizo awo pa pepala lovotera, osadzera kwa aphungu. Maganizo otere amapatsidwa nambala, ndipo awa anatchedwa Proposition 140. Amene anawatsogolera ndi Pete Schabarum, mmodzi mwa akuluakulu oyendetsa dera la Los Angeles County. Pa chisankho cha November 1990 anadutsa movutikira, ndi mavoti pafupifupi 52 pa 100 alionse. Chaka chomwecho anthu a ku Colorado ndi Oklahoma anavomerezanso malamulo ofanana nawo.

Lamulo loyambalo linali lowawa kuposa la lero. Munthu ankaloledwa zaka zisanu ndi chimodzi mu Assembly ndi zisanu ndi zitatu mu Senate. Linathetsanso penshoni ya aphungu, ndipo linadula ndalama zoyendetsera Nyumbayo ndi gawo loposa limodzi mwa magawo atatu, moti alangizi ambiri odziwa za bajeti ndi malamulo anachotsedwa ntchito. Za kudula ndalamaku anthu sakumbukira kwambiri, koma kunapweteka Nyumbayo kwa zaka zambiri.

Dzina la Willie Brown limatuluka nthawi zonse pa nkhaniyi. Anali ndani?

Anabadwa mu 1934 ku Mineola, katauni kakang'ono ka ku Texas, nthawi imene munthu wakuda anali ndi sukulu yake ndi khomo lake lolowera. Ali mnyamata ankapolisha nsapato. Anasamukira ku San Francisco, anaphunzira zamalamulo, ndipo mu 1964 anasankhidwa kukhala phungu wa chipani cha Democratic mu Assembly. Mu December 1980 anakhala sipikala, ndipo anakhala pampandowo mpaka June 1995. Palibe wina ku California amene anafikapo pa zaka zimenezo.

Musaganize za sipikala wongoimitsa aphungu akamakangana. Sipikala wa Assembly amasankha apampando a makomiti, amagawa maofesi ndi antchito, ndipo Brown ankasonkhanitsanso ndalama za kampeni n'kumagawira aphungu a chipani chake. Phungu womumvera ankapeza komiti yabwino. Wamakani ankatha kudzuka ali m'kaofesi kopanikiza. Iye sankabisa. Ankavala masuti okwera mtengo, ankakonda kuonekera, ndipo ankadzitcha yekha Ayatollah wa Assembly, kudzifanizira ndi mtsogoleri wamkulu wa dziko la Iran.

Apa ndi pomwe panagona mkwiyo wa ovota. Mlimi wa ku Fresno kapena mphunzitsi wa ku San Diego ankaona kuti munthu mmodzi ndi amene akugwira chiwongolero ku Sacramento, koma iye analibe voti yomuchotsera, chifukwa Brown ankasankhidwa ndi anthu a dera limodzi la ku San Francisco, ndipo iwo sankatopa naye. Ochemerera Proposition 140 ankamutchula kawirikawiri pokopa anthu. Sindikunena kuti aliyense amene anavomera lamuloli ankadana ndi Brown, koma nkhope ya vuto limene ankalidandaula inali yake.

Ndiye lamuloli linamuchotsadi?

Linamuchotsa, koma osati msanga, ndipo sanachoke mwa ulemu wa munthu wogonja. Zaka zinayamba kuwerengedwa mu 1990, kotero tsiku lake linali 1996. Zisanafike pamenepo, pa chisankho cha 1994 a chipani cha Republican anapeza mipando 41 mwa 80, ndipo aliyense anati za Brown zatha. Tsiku losankha sipikala, phungu wina wa Republican, Paul Horcher, anavotera Brown, mavoti n'kufanana 40 kwa 40. Atakokanakokana kwa masabata angapo, Brown anabwerera pampando mu January 1995. Pofika June, ataona kuti nthawi yamuthera, anauza aphungu ake kuti avotere mayi wina wa Republican, Doris Allen, amene anali atakhumudwa ndi anzake a m'chipani. Mayiyo anakhala sipikala ndi mavoti a adani a chipani chake.

A Republican anabwezera kudzera mwa ovota. Ku California anthu akhoza kuchotsa phungu teremu yake isanathe ngati asonkhanitsa masiginecha okwanira n'kuvota, ndipo Horcher ndi Allen onse anachotsedwa chaka chomwecho cha 1995. Ndi chaka chimenechinso pomwe aphungu a ku Malawi anafafaniza Gawo 64 la malamulo aakulu a dziko, lomwe linkapatsa anthu mphamvu ngati yomweyi. Brown yekha anatuluka wosapsa: anapambana umeya wa San Francisco ndipo analamulira mzindawo kuyambira 1996 mpaka 2004.

Aphungu sanapite kukhoti?

Anapita. Mu 1991 khoti lalikulu la California linagamula kuti malirewo ndi ovomerezeka komanso kuti ndi a moyo wonse. Linangoteteza penshoni ya amene anali kale m'Nyumbamo. Ena anayesanso ku makhoti a boma lalikulu, koma mu 1997 khoti la apilo linasiya lamuloli momwe linalili.

Bwanji phungu atapuma teremu imodzi, sangabwerere?

Ku California ayi. Koma zigawo zina zimangoletsa kukhala motsatizana. Chitsanzo chabwino ndi Nebraska, komwe Nyumba ya Malamulo ili ndi chipinda chimodzi cha aphungu 49. Ovota a kumeneko anaika malire a materemu awiri otsatizana mu 2000. Ernie Chambers wa ku Omaha, amene kale anali wometa tsitsi, anali m'Nyumbamo kuyambira 1971, wodziwika ndi luso lochedwetsa mabilo amene sankawafuna. Malire anamutulutsa mu 2009. Anadikira zaka zinayi, anaimanso, anapambana, n'kukhalamo kuyambira 2013 mpaka 2021.

N'chifukwa chiyani lamuloli linasinthidwa mu 2012?

Chifukwa zaka zisanu ndi chimodzi zinachepa. Taganizani munthu amene wangofika kumene ku Sacramento. Teremu yoyamba akuphunzira kuwerenga bajeti ya chigawo chimene chuma chake chimaposa cha mayiko ambiri. Yachiwiri wapatsidwa kale upampando wa komiti. Yachitatu maso ali pa mpando wina woti athawireko. Pakati pa Brown, yemwe anachoka mu 1995, ndi Anthony Rendon, yemwe anakhala sipikala mu 2016, Assembly inakhala ndi masipikala 11. Fabian Núñez anasankhidwa uphungu mu 2002 ndipo kumayambiriro kwa 2004 anali kale sipikala.

Kafukufuku wa bungwe la Public Policy Institute of California wa mu 2004 anapeza kuti aphungu anayamba kusintha zochepa pa bajeti imene bwanamkubwa wa chigawo amabweretsa, ndiponso kuti sankalondoloza kwambiri momwe nthambi za boma zikugwirira ntchito. Zimenezi n'zosadabwitsa. Phungu akamabwera n'kupita, amene amatsala ndi akuluakulu a m'maofesi a boma ndi anthu olembedwa ntchito ndi makampani ndi mabungwe kuti azinyengerera aphungu. Amenewa alibe malire a zaka, ndipo ndi iwo amakumbukira chifukwa chimene bilo inayake inagwera zaka khumi zapitazo. Mphamvu imene ovota analanda kwa sipikala siinabwerere yonse kwa ovotawo. Mbali yabwino inaliponso: mipando imene inagwidwa kwa zaka makumi inatseguka, ndipo aphungu ochokera m'mabanja olankhula Chisipanishi analowa mofulumira kuposa kale.

Mu 2008 atsogoleri a Nyumbayo anayesa kusintha lamuloli kudzera mu Proposition 93, koma ovota anakana, poona kuti lipindulira atsogoleri omwewo amene nthawi yawo inali kutha. Mu June 2012 Proposition 28 inadutsa. Inatsitsa zaka zonse kuchoka pa 14 kufika pa 12, inalola kuzithera chipinda chimodzi, ndipo inakhudza okhawo osankhidwa koyamba lamuloli litadutsa. Rendon, amene analowa uphungu mu 2012, anakhala sipikala zaka zoposa zisanu ndi ziwiri.

Nanga amene zaka zawo zatha amapita kuti?

Ambiri sabwerera kumunda. Cruz Bustamante anachoka pa usipikala n'kukhala wachiwiri kwa bwanamkubwa. Antonio Villaraigosa anadzakhala meya wa Los Angeles kuyambira 2005 mpaka 2013. Karen Bass, mayi woyamba wachikuda kukhala sipikala wa nyumba ya malamulo ya chigawo mu America, anatsiriza zaka zake mu 2010, anapita ku Congress, nyumba ya malamulo ya dziko lonse ku Washington, ndipo mu 2022 anasankhidwa meya wa Los Angeles. Ku Congress kulibe malire otere. Zigawo zingapo zinayesa kuwaika, koma mu 1995 khoti lalikulu la dziko lonse, pa mlandu wochokera ku Arkansas, linati chigawo chilibe mphamvu imeneyo.

Kodi bwanamkubwa naye ali ndi malire?

Inde, materemu awiri a zaka zinayi, kuchokera mu Proposition 140 yomweyo. Jerry Brown, yemwe si m'bale wake wa Willie, analamulira kuyambira 1975 mpaka 1983 n'kudzabwereranso mu 2011 mpaka 2019, chifukwa zaka zake zoyamba zinali za lamuloli lisanabwere.

Zigawo zonse za America zili ndi lamulo lotere?

Ayi, ndi 16 zokha, ndipo yomaliza kulowa inali North Dakota mu 2022. Ku Massachusetts, Oregon, Washington ndi Wyoming makhoti anathetsa malirewo. Ku Idaho ndi Utah aphungu anawachotsa okha. Pafupifupi konse kumene malire alipo ndi kumene nzika zili ndi njira yoika maganizo pa pepala lovotera. Ku Illinois njira imeneyi ndi yopapatiza kwambiri, moti makhoti anakana kuti nkhani ya malire ivoteredwe mu 1994 komanso mu 2014. Kumeneko Michael Madigan anakhala sipikala kuyambira 1983 mpaka 2021, kupatula zaka ziwiri zokha, ndipo mu February 2025 khoti la ku Chicago linamupeza wolakwa pa milandu ya katangale.